Tsiku Limene Madzi Analowa kwa a Wailesi

Makina osokera a Mayi Makatani ankayamba kulira anthu asanatsegule mageti. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Msewu wonse, kuyambira kumtunda kwa golosale mpaka kumunsi kumene unkathera pamtsinje, unkawadziwa ndi ntchito ya manja awo, chifukwa panalibe windo m'deralo lopanda nsalu yosokedwa ndi iwo. Nyumba yawo inali yomaliza kumunsiko. Makatani ake anali okhuthala kuposa a wina aliyense, ndipo chaka chimenecho sankatsegulidwa.

Kuseri kwa makataniwo kunkagona amuna awo, omwe anthu ankawatcha a Wailesi. Aliyense amene anavinapo ukwati m'tauniyo ankawadziwa: bambo wamtali wa suti yoyera, woyendetsa mwambo, yemwe akagwira chimkuzamawu ngakhale apongozi obwera ndi mkwiyo ankaseka mpaka kupukuta misozi. Ndiye m'mawa wina akumanga tayi anangoti khu pansi. Sitiroko inawalanda mkono ndi mwendo wakumanja, n'kupotoza pakamwa paja pankadyetsa banja. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati madzi a pampopi wouma. Choposa zonse, thupi linasiya kuwauza nthawi yopita kuchimbudzi, moti akazi awo ankawaveka matewera a akuluakulu. Matewerawo ankakawagula kutali, kusitolo kumene palibe ankawadziwa, n'kubwera nawo atawakulunga m'nsalu ngati katundu wa kasitomala.

Anthu ankafunsa, poti munthu wotchuka sasowa omufuna.

"Bambo adzuka bwanji, mayi?"

"Akupeza bwino, angotsala kubwerera mphamvu. Panopa agona."

Wobwera m'mawa ankamva kuti agona. Wobwera masana, agonanso. Amakanika, oyandikana nawo nyumba, omwe ankakonza galimoto pabwalo pawo, tsiku lina anaseka ali pansi pa kalole kawo.

"Koma mayi, wailesi yathu ija yatha mabatire kapena? Tiuzeni tisonkhe tigule atsopano!"

Mayi Makatani anaseka nawo, koma atalowa m'nyumba anakhoma chitseko n'kutsamira pakhoma mpaka mtima unatsika. M'maganizo mwawo, kubisako kunali chikondi. Ankafuna kuti anthu azikumbukira amuna awo ali mu suti yoyera, osati ali ndi dovu pachibwano.

Mvula ya zaka zimenezo inali itasintha khalidwe. Yomwe kale inkagwa mwezi wathunthu inayamba kukhuthuka tsiku limodzi, ndipo mtsinje womwe ana ankawoloka atangopinda mathalauza unali utadyapo kale nyumba za kutsidya. Akhonsolo anaona kuti kudikira ngozi kenaka n'kumagawa mabulangete sikuthandiza. Anakaika timakina kumtunda kwa mtsinje, toyeza madzi, toti akakwera tizitumiza uthenga pafoni ya aliyense. Msewu uliwonse unasankha kaputeni wokhala ndi wezulo, ndipo msewu wa Mayi Makatani unasankha amakanika. Holo ya sukulu ya pamtunda inakonzedwa kukhala kothawira.

Woyendetsa zonsezi anali mayi wina wa kuofesi ya zangozi, wovala jekete lowala, yemwe anthu anangomupatsa dzina loti Mayi Chenjezo. Iye ankayenda khomo ndi khomo. Atafika kunyumba yomaliza ija, Mayi Makatani anamulandirira pakhonde, chitseko atachikoka kumbuyo kwawo.

"Mayi, sindikhalitsa," anatero Mayi Chenjezo. "Tikufuna kudziwa ngati muno muli munthu woti sangathe kuthamanga yekha: wokalamba, wodwala, woyembekezera. Akakhalapo timamupatsa anthu omunyamula, ndipo chenjezo likangolira amayambira kwa iye."

"Muno mulibe."

"Ndamva kuti bambo anadwalapo."

"Anadwala, anachira. Amayenda."

Mayi Chenjezo anayang'ana mawindo otseka aja, kenaka nkhope ya mwini nyumba.

"Ndikuuzeni chinthu chimodzi, mayi anga. Timakina tathu timaona madzi akadali kutali, koma sitiona kuseri kwa chitseko. Masiku akubwerawa ambulansi siidzafika pakhomo lililonse. Wopulumutsa munthu adzakhala mnzake wa pafupi, ndipo mnzakeyo sanganyamule munthu amene sakumudziwa kuti alipo."

"Ndamva. Zikomo poyenda."

Mayi Makatani atalowa m'nyumba anapeza a Wailesi maso ali tong'o. Chipinda chawo chinali pafupi ndi khonde ndipo anamva zonse. Anavutika kusonkhanitsa mawu.

"A... uze."

"Ndiwauze chiyani, bambo?" anafunsa Mayi Makatani akukonza pilo yemwe anali wokonzeka kale. "Kuti abwere anyamata a mumsewu adzakunyamuleni ngati thumba? Akakugonekeni pakati pa holo, pamaso pa anthu omwe munkawavinitsa, ine ndizikusinthani thewera ana akuonerera? Ine ndili moyo zimenezo sizichitika."

"Auze," anabwerezanso a Wailesi, diso lakumanzere likulengeza msozi.

Mayi Makatani anabwerera pamakina n'kupondaponda mwamphamvu kuti phokoso lidzaze nyumba.

Sikuti analibe mantha. Mantha ndiwo anali chakudya chawo. Mtambo ukangoda kumtunda, singano inkawabaya chala. Foni ikalira, ankadzidzimuka asanaone n'komwe kuti ndani. Choncho anakonza njira yawoyawo. Panali dalaivala wina wa takisi wa kutsidya kwa mlatho, yemwe ankawatengera kuchipatala, munthu wosalankhulalankhula, amene ankalowetsa galimoto chafutambuyo mpaka pakhomo kuti anthu asaone. Anapangana naye kuti tsiku la ngozi adzamuimbira, adzawatenge n'kupita nawo kunyumba yogona alendo. Analongedza chikwama: mankhwala, matewera, zovala. Anachiika pansi pa tebulo lodulirapo nsalu ndipo mtima unakhalako pansi pang'ono.

Loweruka lina msewu wonse unayeserera kuthawa. Wezulo analira, anthu anatuluka akuseka, ena atanyamula ana, ena mapoto. Mayi Makatani anasuzumira pakampata ka katani. Anaona amuna atanyamula agogo a pagolosale pamachira, agogowo akuwalamula ngati mfumukazi, anthu m'mbali akuwomba m'manja. Ena akanaona chisangalalo. Iwo anaona kuseka kokha, ndipo m'maganizo mwawo anaika amuna awo pamachirapo. Anatseka kampatako.

Tsiku lenilenilo silinabwere ndi lipenga. Kunacha ndi mvula yowaza, yonga ya masiku onse. Chakum'mawa ndithu inalimba, ndipo pofika nthawi yoti ana ali m'kalasi, denga linkachita ngati akulikhuthulira miyala. Mayi Makatani anali akumwetsa amuna awo phala pamene foni inalira kulira kwachilendo, kotalika, kosaleka. Uthenga unali waufupi: madzi akwera kumtunda, a m'misewu ya kumunsi atuluke tsopano apite kusukulu.

Supuni inagwera pabulangete.

Panja wezulo anayamba. Kunamveka mapazi, mageti, mayi wina akuitana mwana wake mobwerezabwereza. Kenaka chitseko chinagogodwa mwamphamvu.

"Mayi Makatani! Tiyeni, kalole kali panja! Bambo atuluke akhale kutsogolo!"

Anali amakanika. Mayi Makatani anatsegula pang'ono, mokwanira nkhope yokha. Mvula inkayenderera pachipewa cha amakanika, ndipo kumbuyo kwawo kalole kanali kodzaza amayi ndi ana atafunda mapepala apulasitiki. Maso onsewo analoza pakhomopo.

"Pitani, bambo. Ife ikubwera takisi, yanyamuka kale."

"Mukunena zoona? Madziwa sakuchedwa. Ndilowe ndiwathandize bambo nsapato?"

"Akuvala. Pitani, musachedwetse ana."

Amakanika anaima kanthawi, akuoneka kuti mawuwo sakuwakhutiritsa. Koma mwana wina analira m'kalole, wina anakuwa kuti madzi afika pampanda wa kumunsi, ndipo iwo anathamanga. Phokoso la injini linakwera mtunda mpaka linazimirira. Msewu unatsala wa mvula yokha.

Apo ndi pamene Mayi Makatani anaimbira wa takisi. Foni inaitana, osayankhidwa. Anaimbanso, zala zikuterera pagalasi. Ulendo wotsatira anayankha, mawu ake akumveka ngati ali m'chitini.

"Mayi, pepani, mlatho atseka. Apolisi sakulola ngakhale njinga. Madzi akudutsa pamwamba."

"Zungulirani njira ina! Ndikupemphani!"

"Njira ina kulibe, mayi. Uzani anzanu a pafupi."

Mayi Makatani anaima pakati pa chipinda foni ili m'manja. Anadziuza kuti khonde lawo ndi lalitali, kuti madzi sanafikepo pamenepo chimangireni nyumbayo, kuti mwina timakinato takokomeza. Anatenga zidutswa za nsalu n'kutsekera kunsi kwa chitseko. Akutsekera choncho anamva kuzizira m'mawondo. Nsalu zija zinali zitanyowa kale, ndipo lilime la madzi ofiirira, onunkha ngalande, linali likukwawa pasimenti kulowera kuchipinda.

Madzi a chigumula sayenda ngati a m'bafa. Anaphimba zala za kumapazi, ndipo asanamalize kukweza chikwama patebulo anali m'akakolo. Magetsi anathima. Nsapato zinayamba kuyandama, mpando wapulasitiki unatembenuka wokha n'kuyamba ulendo wa kukhitchini. Mayi Makatani analowa kuchipinda n'kupeza a Wailesi akuyang'ana madzi akunyambita miyendo ya bedi.

"Musaope, bambo. Ndikukwezani patebulo lodulira, ndi lalitali."

Anatenga katani wautali yemwe ankasokera kasitomala, anamukulunga m'khwapa mwa amuna awo n'kuyamba kukoka. Masiku onse ankawatembenuza pabedi, kuwasambitsa, kuwakhazika, ndipo ankadziyesa amphamvu. Koma kutembenuza munthu si kumunyamula. A Wailesi anali wamtali, ndipo mbali yakufa ija inkalemera ngati mtengo wauwisi. Atangochoka pabedi, onse awiri anagwera m'madzi. Kuzizira kwake kunawadula mpweya. Mutu wa a Wailesi unamira, n'kutuluka akutsokomola matope.

Anawakoka chokhwekhwereza mpaka pabalaza. Anayesa kuwakweza patebulo, msana unakana. Anayesanso atagwada, kuwasenza paphewa, phazi linaterera. Pamapeto pake anangowatsamiritsa kumwendo wa tebulo, atakhala pansi, madzi ali m'chiuno mwawo ndipo akukwerabe.

Anaimba nambala yangozi yomwe inali pansi pa uthenga uja. Anayankha mwamuna wa mawu otopa, kumbuyo kwake kukumveka mafoni ena ambirimbiri. Mayi Makatani anatchula msewu wawo.

"Msewu umenewo atiuza kuti onse atuluka, mayi."

"Sitinatuluke. Tilipo awiri."

"Mungathe kukwera padenga, kapena kuyenda chogwira mpanda kulowera kumtunda?"

Mawu amene anawatsekera m'kamwa chaka chathunthu anatuluka okha, ndipo sanali olemera monga ankaganizira.

"Amuna anga sayenda. Sayenda n'komwe. Anafa mbali imodzi."



"Mayi, maboti onse ali kutsidya, kumene tinkadziwa kuti kuli anthu. Ndiuza kaputeni wa msewu wanu. Mutu wawo usalowe m'madzi. Musadule foni."

Koma a Wailesi anapendekeka, ndipo powagwira, foni inapulumuka n'kumira.

Zimene zinatsatira Mayi Makatani sankatha kuzifotokoza bwino ngakhale patapita nthawi. Ankakumbukira kuti anaima kumbuyo kwa amuna awo, manja atawapisa m'khwapa, akuwakoka m'mwamba kuti chibwano chikhale pamwamba pa madzi. Ankakumbukira mikono ikuchita dzanzi, mano a a Wailesi akugundana, makina osokera akumira pang'onopang'ono mpaka kutsala gudumu lokha. Nthawi ina anawamangirira kutebulo ndi katani uja, anapita pawindo, anathothola makatani okhuthala aja ndi chitsulo chake chomwe, n'kukuwa kudzera m'zitsulo za pawindo.

"Thandizeni! Kuno kuli wodwala! Anthuni, thandizeni!"

Panalibe womva. Pomwe panali msewu panali mtsinje, ukunyamula zitseko, migolo ndi nthambi. Anabwerera n'kuwagwiranso amuna awo. Anayamba kuwapepesa, mawu akuthamangitsana, koma a Wailesi maso anali atatseka ndipo milomo inali itayamba kuda.

Wezulo anamveka madzi atafika pachifuwa cha Mayi Makatani. Poyamba anayesa kuti ndi m'makutu chabe. Kenaka chitseko chinagundidwa, chinagundidwanso, n'kuthyoka. Analowa amakanika, chingwe chili m'chiuno, pambuyo pawo amuna ena a mumsewu atagwira chingwe chomwecho, chimene anachimanga kumtengo wa magetsi kumtunda. Pamphumi pa amakanika pankatuluka magazi. Anayang'ana a Wailesi, munthu yemwe sanamuone chaka chonse, wowonda, wopotoka pakamwa, thewera lofufuma likuonekera pamwamba pa thalauza. 

"Achimwene, tabwera," anatero. "Gwirani khosi langa ndi dzanja labwinolo."

Amuna aja anagoneka a Wailesi pachitseko chothyoka chija n'kuchisenza pamapewa. Ulendo wokwera mtunda, womwe masiku onse unali wongoti tafika, unawatengera nthawi yosaneneka. Madzi ankawakankha m'mbali, mmodzi anagwa n'kupulumukira chingwe, Mayi Makatani akukokedwa pambuyo ngati mwana.

Ndipo analowa mu holo muja momwe Mayi Makatani ankaopa. Munali modzaza. Anthu anatembenuka onse. Mayi Makatani anaweramitsa mutu kudikira kunong'onezana, kudikira mwana woloza chala. Chimene anamva chinali mipando ikukokedwa kupereka njira. Bambo wina anavula jekete n'kufunditsa a Wailesi kuyambira m'chiuno kutsika. Mayi wa pagolosale anabwera ndi tawulo, akulira poyera.

"Mayi inu, mayi inu! Chaka chonse nokhanokha? Ife tinali pati?"

Mayi Chenjezo anawatsogolera kungodya ya holoyo, kumene kunali kotchinga ndi nsalu. Kuseri kwake kunali mabedi, namwino, chitofu chotenthetsera madzi, ndi katoni ya matewera a akuluakulu yotsegula kale. Pamabedipo panagona anthu ena a m'deralo: agogo aja a pagolosale, bambo wina wodulidwa mwendo, mtsikana wodwala khunyu. Onse anali ouma, ofunda bwino, chifukwa anawanyamula chenjezo litangolira. Bedi la a Wailesi analichita kubwereka kwa mayi woyembekezera.

 Mayi Chenjezo anathandiza namwino kudula zovala zonyowa zija ndi sizasi.

Madzi ataphwa msewu n'kutseguka, a Wailesi anatengeredwa kuchipatala. Matope aja anali atalowa m'mapapo, ndipo thupi lofooka kale silinathe kulimbana ndi chibayo. Anthu a mumsewu ankasinthana kukawaona, atasiya nyumba zawo zodzaza matope. Amakanika, bandeji ili pamphumi, ankakhala pambali pa bedi n'kumawakumbutsa nthabwala zawo zakale za paukwati, akuzilakwitsa dala. Tsiku lina a Wailesi anakweza dzanja labwino lija kuwakonza, mbali imodzi ya nkhope ikuseka. Mayi Makatani anatuluka panja. Anazindikira kuti chaka chonse chija amuna awo sanaseke, ndipo sikuti matenda ndiwo anawaletsa.

Sabata isanathe a Wailesi anatsikira kulichete. Mumsewu wonse uja, nyumba zinagwa, katundu anapita, koma maliro anali amodzi okha.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito kumzinda wina wakutali, anafika mwambo uli pafupi kuyamba. Atalira mpaka kutopa anakhala pafupi ndi mayi ake pakhonde la nyumba ija, pakhoma pakuonekabe mzere wa matope wofika paphewa. Anali atamva kale kwa anthu momwe zinayendera, koma sankamvetsa.

"Amayi, akuti galimoto inaima pakhomo pano. Akuti anagogoda."

"Anagogoda, mwana wanga."

"Nanga anthuwa sankadziwa kuti ababa sayenda?"

Mayi Makatani anayang'ana pabwalo. Amuna amene anasenza chitseko chija ndiwo ankakonza zonyamula bokosi, amayi a mumsewu ali pikitipikiti ndi mapoto obwereka, aliyense akugwira ntchito ngati maliro ndi a m'nyumba mwake.  Anagwira dzanja la mwana wawo n'kulifinya.

Chenjezo linafika nthawi yabwino, galimoto inalipo, manja onyamula analipo, bedi louma likanapezeka. Chinasowa chinali mawu ochepa onenedwa pakhonde kunja kuli ng'aa. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.